Matimati a Ababa ndi Belu Losayankhidwa

Lolemba, 18 Ogasiti 2008

Nkhawa yanga ndiilembe poyera, mwina ichepa. Ababa akufuna kupita ku Malawi, osabweranso.

Anena dzulo nditawapeza ku dimba. Osakwiya, osadandaula, manja ali pa ntchito yomangirira matimati ku timitengo. "Awa akapitanso kwa makoronyera, mavenda ogula mobera aja, ngati a chaka chatha, ine basi. Ndikwera ndi Yusuf." A Yusuf ndi bambo wa ku Mangochi uja amabweretsa zitenje ndi usipa kuno ku Maglas, komboni yathu ya pa mgodi. Ulendo wawo wotsatira, cha kumapeto kwa Sepitembala.

Ku Ntcheu Ababa anachokako asanawaone n'komwe amayi. Akawalandira ndani? Achemwali awo anamwalira kale, munda wa makolo akulima ena. Komabe ndikuwamvetsa. Unyamata wonse pansi pa mgodi wa asibesito, lero penshoni yosagula ndi buledi yemwe. Buledi wake akapezeka. Dimba nalo lobwereka, m'mbali mwa mtsinje, njira ya ku Shurugwi. Amalima awiri ndi a Januário, mnzawo wa ku Tete, amene anatsika naye shafuti imodzi zaka zonsezo.

Matimati okha, chaka chino kukongola kwake. Akali obiriwira, olemera mpaka kuthyola timitengo.

Magetsi kulibe chiyambire Loweruka. Sukulu ili pa tchuthi. Nthawi ndili nayo yambiri, ndiye ndiganize.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Mmawa wonse pa msika wa ku Mandava, kungoyang'ana ndi kufunsa. Ndazindikira chinthu chimene ndikanatha kufotokozera ana a giredi faifi pa bolodi.

Mlimi amadziwa kulima. Chimene sadziwa ndi chimene chikuchitika kuseri kwa phiri. Koronyera amadziwa zonse ziwiri, kuti ku dimba matimati apsa ndipo mwini wake akuopa kuti awola, komanso kuti m'tauni amayi akuwafunafuna. Sagulitsa matimati munthu ameneyu. Amagulitsa kudziwa kwakeko. Amafika ndi chikwama cha mapepala atsopano, mlimi n'kusangalala, pofika Loweruka mapepala aja sagula ndi mchere womwe. Mwezi uno achotsa maziro pa ndalama, koma akumeranso ngati bonongwe.

Ndiye chofunika si ndalama zambiri. Chofunika ndi chakuti wa ku dimba ndi wogula amvane okha, pa tsiku lake.

Foni ilipo. Mchimwene wanga Kingston watumiza ina kuchokera ku Joni, yakale koma yolimba, ndipo laini yake ija anaisiya muno m'kabati ikugwirabe ntchito. Mwayi waukulu. Laini masiku ano anthu akusinthanitsa ndi mbuzi.

Nyemba zapsa pa nkhuni. Utsi thoo m'nyumba, koma mtima wapepuka.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Titatuluka m'tchalitchi ndinaima pakhomo ngati wopempha voti. Amayi a Mvano onse ndawafunsa: ndani amagula ndiwo zambiri nthawi imodzi? Ali ndi foni ndani? Wina mlamu wake amaphikira anthu okumba golide ku Shurugwi. Wina mwana wake ali pa msika ku Gweru. Manambala ndawasunga m'foni. Ndimaganiza kuti msika uli ku Mandava kokha, osadziwa kuti theka lake limakhala nane pa benchi limodzi sabata ndi sabata.

Wamkulu pa onse, Mai Noria. Sali wa mpingo wathu, anangobwera kudzaona mnzawo. Amaperekera ndiwo ku kantini ya kampani ina imene imagwira ntchito ku mgodi wa platinamu. Pikapu ali nayo, dizilo amapeza mwa njira zawo. Salipira mapepala. Mafuta ophikira, shuga, sopo, ufa, ndi marandi pang'ono.

Mayi wa mawu ochepa. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato. "Ticha, ine ndinoda madomasi akaoma, matimati olimba, osati phala. Ndikafika ndipeze ali m'mabokosi. Dizilo yanga sidikira munthu."

Ndalonjeza. Mwina mofulumira kwambiri.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Ku dimba. Kombi mpaka pa sitolo, kenako wapansi.

Phunziro loyamba lalephereka bwinobwino. Ndinakonzekera ngati kukubwera oyendera sukulu: batani ili, envelopu iyi, uthenga umatsekulidwa chonchi. Ababa kuigwira foni patali ngati nkhanu. "Tizilembo iti? Ine ndikuona nyerere." Magalasi awo anasweka chaka chatha, ndinaiwala. A Januário kuseka mpaka kutsokomola.

Netiweki nayo ku dimba kulibe. Tinayendayenda foni ili m'mwamba, mpaka tinaipeza pamwamba pa mulu wa miyala wa mgodi wakale wa kuromu, kutsidya kwa mpanda. Timizere tiwiri. Mphepo yake yochotsa duku.

Ndiye ndinati tisiye zolemba, tizibipa. Ndinafotokoza pang'onopang'ono: mumaimba, ikalira kwa mnzanu mumadula asanayankhe, mayunitsi sadyeka. Ndinayesa kuwabipa ndili pambali pawo pomwepo. Iwo kuyankha. "Alo, muli bwanji kumeneko? Ana ali bwanji?" Ana ake ati, Ababa, ndili pano. Akuti foni ikalira osayankha ndi mwano.

Anamasula nkhani ndi a Januário, akuitana Ababa ndi dzina lawo. "Manson, iwe, lo belu." Nkhope yonse ya Ababa kuwala. Kale anali wa belu pansi pa shafuti. Kheji, chikepe chija chimatsitsa ndi kukweza anthu, sichiyenda ndi mawu. Wa pansi amaliza belu, woyendetsa injini pamwamba amamva kuchuluka kwa kulira kwake, n'kudziwa chochita. Anthu awiri osaonana, osalankhulana, moyo wa anthu uli pakati pawo.

Basi zonse zinaphweka. Malamulo aika okha. Kamodzi mmawa: ndili bwino. Kawiri: bwera, pali vuto. Katatu: apsa, galimoto ifike mkucha, tsiku la pakati likhale lothyola. "Katatu ku mgodi kunali kwa anthu," atero. "Matimati awa ndi anthu anga."

Kuchaja, mwini sitolo ali ndi batire la galimoto ndi kasola. Wavomera, malipiro ake repu.

Foni aikulunga mu sokosi, sokosi m'chitini cha fodya.

Loweruka, 30 Ogasiti

Mmawa uliwonse, madzi a tiyi asanawire, foni kulira kamodzi. Ababa akwera mulu wawo. Ine n'kubipanso kamodzi, chifukwa chosangalala basi. Sitinalankhulanepo kawirikawiri chonchi chimwalirire amayi, ndipo palibe liwu ndi limodzi lomwe.

Mwana wa ku Gweru uja wayankha uthenga wanga patapita masiku. Mitengo imene analemba inali itafa kale pofika kuno. Ndaphunzirapo: osafunsa kuti bokosi ndi ndalama zingati, kufunsa kuti bokosi likusinthana ndi chiyani. Botolo la mafuta ndi botolo la mafuta, Lolemba kaya Lachisanu. Komanso uthenga uliwonse ndiziyamba ndi tsiku, popeza netiweki imausunga m'thumba mpaka itafuna yokha.

Ndapeza shuga theka la kapu kwa aneba, ndawapatsa machesi. Tiyi wa lero ngati wa pa ukwati.

A Yusuf ndakumana nawo pa mpopi. "Madala ndawasungira malo, asisi." Ndangoti zikomo. Mumtima, malo anuwo mudzaikapo thumba.

Lachitatu, 3 Sepitembala

Katatu.

Ndinali pa mzere ku banki chiyambire mbandakucha, nambala yolembedwa pa mkono ndi bolopeni. Foni kulira, kuduka. Kulira, kuduka. Kachitatu ndinalumpha. Mayi wa kumbuyo kwanga anayesa ndalumidwa ndi kanthu.

Mzere ndinausiya. Zimene ndikanatenga sizikanakwana ndi kombi yomwe. Molunjika kwa Mai Noria, wapansi, chifukwa uthenga wa lero sindikanaudalira. Ndinawapeza akutsitsa kabichi. Lachisanu mmawa, atero, ndipo ndikwere nawo ndiwalondolere njira.

Sukulu akuti yatsekulidwa dzulo. Ana anabwera ochepa, aphunzitsi ochepa kuposa ana. Tinasesa, tinaimba, tinabalalika. Palibe amene akunena kuti sitiraka, aliyense akungoti alibe ya kombi.

Batire latha masana, magetsi abwera madzulo. Ndachapa diresi la buluu. Kukagulitsa matimati ndi diresi la buluu, Phyless, ndiwe wopusa. Ndivalabe.

Lachinayi, 4 Sepitembala

Lero Ababa sanabipe. Atanganidwa ndi kuthyola, n'zachidziwikire. Ndikuwaona m'maganizo akulamula a Januário ngati kapitawo.

Ndabwereka mabokosi ena kwa mayi wa pa kona, mwina awo sakwana.

Lachisanu, 5 Sepitembala, ku dimba

Sindikudziwa poyambira.

Tinafika dzuwa litangokwera. Dimba lonse psuu, lofiira mpaka ku mtsinje. Mabokosi ali mulu pansi pa mtengo, opanda kanthu. Ababa atakhala pa chitsa akumata kheni yothirira. A Januário akusenda nzimbe.

Ndinaganiza kuti wina wamwalira.

Ababa anaimirira, kuvula chipewa kwa Mai Noria, kupereka moni wonse mwadongosolo. Kenako kwa ine, mofatsa: "Ndinaliza belu. Pamwamba sipanayankhe."

Ndilembe bwino kuti ndimvetse ndekha. Ku mgodi, wa pansi akaliza katatu, wa pamwamba amabweza katatu. Pokhapo m'pamene chitseko chimatsekulidwa anthu n'kulowa m'kheji. Belu losabwezedwa ndiye kuti silinamveke, kapena pamwamba pali vuto, ndipo palibe amasuntha phazi. Saliimbanso kachiwiri, kuopa kusokoneza woyendetsa. Amadikira. Ababa anadikira Lachitatu lonse pa mulu paja, dzulo anakweranso. N'chifukwa chake sanabipe kamodzi: nkhani ya katatu inali isanatsekedwe. Ndipo thimati likathyoledwa limayamba kufa, pa mtengo limapirira masiku angapo. Akanathyola bwanji dimba lonse osadziwa ngati galimoto ikubwera?

Ine masiku onse aja ndinkabweza kamodzi mongosewera, iwo ankayesa lamulo ndikulidziwa. Iwo sanalinene, poti kwa iwo lili ngati kupuma. Ine sindinafunse. A Januário atiweruza onse awiri: "Wina ticha, wina madala wa belu, koma sukulu munalowa yosiyana."

Mai Noria sanaseke. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana geji ya dizilo. Tinathyola mothamanga tonse, diresi la buluu ndi madontho okhaokha, koma tinangodzaza mabokosi owerengeka. Kantini imafuna ndiwo isanakwane nthawi ya nkhomaliro. "Ndinati a m'bokosi, Ticha, kwete a pamtengo." Anatenga ochepawo, kusiya botolo la mafuta ndi sopo, n'kupita kukadzazitsa kwa ena kumunsi.

Fumbi lisanathe, koronyera uja wa chaka chatha anatulukira pa njinga. Amanunkhiza ngati ntchentche. Ababa anamuuza abwere Lolemba.

Masana sanadye. Anangoti, "Usadandaule, mwanawe. Unayesa." Mawu amenewo andipweteka kuposa akanandikalipira.

Ndagona konkuno. Kunyumba ndikatani?

Loweruka, 6 Sepitembala

Ndadzuka ndi mutu wina. Lolemba likali kutali.

Mmawa wonse pamwamba pa mulu, ambulera m'dzanja lina, foni m'dzanja lina. Mayunitsi otsala ndawathera pa mauthenga. Kwa amayi a Mvano, kwa wa ku Gweru, kwa mlamu uja wa ku Shurugwi, dzina lake Leticia. Uliwonse woyamba ndi tsiku, wotha ndi mawu awa: mukalandira, bipani kamodzi. Ndaphunzira.

Ena anapita, ena akungozungulira. Mbuzi za eni dera zinabwera kudzandiyang'ana. Kuchokera pamwamba paja dimba limaoneka ngati chitenje choyanika, Ababa kadontho pakati, akuthirira mbewu zimene akuti azisiya. Munthu wopita amathirira chonchi?

Ofewa kwambiri tawadula mapisi, tawayanika pa malata ndi mchere pang'ono. Nzeru ya a Januário, akuti kwawo ku Tete dzuwa silisewera ndipo palibe chimatayidwa. Ena apita kwa nkhuku. Sindinafune kuyang'ana kuchuluka kwake.

Dzuwa litapendeka, kamodzi. Leticia. Kenako uthenga: abwere nawo onse amene angathe, anyamata ake amadya ngati dzombe, amalipira marandi. Ndinatsika muluwo chothamanga mpaka kugwa chokhala. Ababa: "Ticha, pang'onopang'ono, mgodi uwu unatsekedwa kale, usatsegulenso."

Aseka. Koyamba chiyambire dzulo.

Lolemba, 8 Sepitembala

Thupi lonse kuwawa, koma ndilembe.

Dzulo tinathyola kuyambira mmawa, tchalitchi chathu chinali m'mizere. Ababa anagawa ntchito ngati shifiti, wina kuthyola, wina kusankha, wina kulongedza, olimba pansi, akupsa pamwamba. Nyimbo za ku mgodi zimene sindinazimvepo, zina zosayenera Lasabata. A Givemore, eni malo, anatibwereka ngolo ndi abulu mpaka pa tara. Malipiro awo bokosi limodzi ndi nkhani yonse ya belu, imene aimva kawiri ndipo akufunabe.

Lero lole ya kuromu inatinyamula, ine ndi mabokosi kumbuyo. Pa Boterekwa, msewu uja wokhotakhota m'phiri, ndinakumbatira mabokosi ngati ana, kupemphera m'zilankhulo zonse zimene ndimadziwa.

Leticia, mayi wamfupi, woseka mokweza, wobadwira pa famu ina ku Kwekwe. Chichewa chake chosakaniza kuposa changa. Amaphika pansi pa tenti, miphika ikuluikulu, anyamata a golide ali mbuu ndi dothi, maso okha. Anatenga pafupifupi onse. Otsala anagula amayi a pafupi atamva. Anandipatsa tiyi wa mkaka, n'kunena, "Sisi, nambala iyi musaitaye. Ife kuno ndalama tili nayo, chosowa ndi muriwo, zamasamba izi."

Pobwerera, thumba la ufa pa mutu, marandi m'kamisolo. Ababa anawagwira, kuwayang'ana mbali zonse, kundibwezera kuti ndisunge. Koronyera anabwera ine kulibe. Akuti anamupatsa mpando, madzi akumwa, ndi thimati limodzi laulere.

Za ulendo sananene kanthu. Inenso sindinafunse. Gawo lina la zipatso tataya ndithu, ndipo Leticia yekha sangamalize dimba. Otsatira apsa sabata yamawa. Popanda Mai Noria tibwerera pomwe tinali.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Ndabwerera ku Maglas. Madzi kulibe, ndowa pa mzere. Ku sukulu tangosainira.

Kwa Mai Noria ndapita ndi manja awiri, ndi kambale ka matimati ouma. Sindinadziteteze, ndangofotokoza mmene zinayendera, kuyambira pa mulu mpaka pa kheji. Ndikayamba kufotokoza sindidziwa kuima, ndikudziwa. Anandisiya mpaka kumapeto, akusankha anyezi.

Kenako: "Baba vangu vaive pa winchi." Bambo awo anali woyendetsa injini, wa pamwamba. Akuti kunyumba ukawaitana kuti chakudya chapsa, osamva iwo akubwereza mawu ako, unkadziwa kuti sabwera. Anaseka pang'ono, kamodzi kokha, ngati munthu wosazolowera.

Chimene chawakoka kwenikweni si nkhaniyo. Ophika ku kantini afunsa kuti aja olimba aja anachokera kuti. A kumunsi aja anali madzi okhaokha.

Mwayi wina umodzi, atero. Koma safuna kudutsira mwa ine. Madala awabipe iwo eni, iwo abweza okha. "Iwe Ticha uli ndi mizere yako ya ku banki." Ndinamva kansanje pang'ono, ndisaname. Kenako ndinaona kuti n'zimene ndinkafuna kuyambira pachiyambi. Wa ku dimba ndi wogula, pakati popanda munthu. Ngakhale munthuyo ndi ine.

Loweruka, 13 Sepitembala

Ku dimba kukaika nambala ya Mai Noria m'foni ya Ababa. Poti zilembo saziona, ndaiika pa batani lachiwiri, yanga pa loyamba. Kukanikiza osachotsa chala mpaka ilire. Pa batani la Mai Noria ndadontheza utoto wa m'zikhadabo wofiira, pa langa palibe. "Ofiira ndi matimati, wopanda utoto ndi mwana." Agwira msanga kuposa ana anga a m'kalasi.

Amayi awiri a madimba oyandikana anabwera kudzaonerera. Wina ali ndi kabichi, wina anyezi ndi repu. Akufunsa ngati foniyo ingawalizirenso iwo. Ndinayamba kufotokoza za netiweki, mmene mawu amayendera kuchoka pa mulu kupita pa nsanja ya m'tauni. Ababa anandidula. "Zimenezo n'za pamwamba. Inu mukakhala ndi katundu mudzandiuze, ndikwera." Ndiye tsopano ali ndi udindo. Chitini cha fodya chikuyenda m'thumba la pamtima.

A Januário akuti ayamba kulipiritsa okwera mulu, poti anaupeza ndi iwo. Sanaupeze ndi iwo.

Lachitatu, 17 Sepitembala

Ine kunalibe, ndangomva.

Lolemba Ababa analiza katatu. Mai Noria anabweza katatu nthawi yomweyo, ali pa chiwongolero. Dzulo kuthyola. Lero pikapu inafika, mabokosi ali pa mzere m'mbali mwa njira, ophimbidwa ndi udzu wonyowa, madala awiri ataima pambali ngati asilikali. Kabichi wa mayi uja anakweranso.

Mai Noria anaima pakhomo panga masana, injini osazimitsa. Anatsitsa botolo la mafuta ndi paketi ya shuga, akuti madala atumiza kwa ticha wawo. "Mushe sterek, atero." Ndiye kuti zili bwino kwambiri, m'chilapalapa cha ku mgodi. Akufuna ulendo wina sabata yamawa, ndi wina, mpaka mbewu itatha.

Ndakazinga mazira ndi mafuta enieni. Fungo lafika kwa aneba, abwera ndi mbale. Tadya tonse pa khonde.

Pa wailesi nkhani ndi ya akuluakulu kusainirana mapepala ku Harare. Anthu akuti zinthu zisintha. Kaya. Ine changa ndi chimodzi: a Yusuf anyamuka Lolemba, ndipo Ababa sananenebe kanthu. Matimati agulidwa, inde. Koma munthu akaika mtima pa njira, mafuta ophikira angamubweze?

Lachisanu, 19 Sepitembala

Kamodzi mmawa, ndabweza. Ndinafuna kuimba ndithu, ndiwafunse mwachindunji. Mayunitsi alipo ochepa. Sindinaimbe. Ndikuopa yankho, osati mayunitsi.

Ndachapa jekete lawo lakuda limene limakhala kuno, mwina adzalifuna pa ulendo. Ndalisita. Kenako ndalibisa pansi pa matiresi ngati mwana.

Lamulungu, 21 Sepitembala

Ababa abwera okha m'tauni, pa pikapu ya Mai Noria dzulo madzulo, atakhala kutsogolo ngati bwana. Lero titatuluka m'tchalitchi anati tiyeni kwa Yusuf. Ndinawatsata pambuyo. Iwo akungopereka moni kwa aliyense wa m'Maglas, nyumba ndi nyumba, ine n'kumati kumeneku ndi kutsanzika.

A Yusuf tinawapeza akumanga katundu. "Madala, mawa m'bandakucha. Chikwama chili kuti?"

Ababa anakhala pa mpando, kufunsa za Mangochi, za msewu wa ku Tete, za pa boda. Nthawi yaitali. Kenako anatulutsa marandi aja ndinawabwezera dzulo. Ndinatseka maso.

"Ukadutsa pa Lizulu utsike. Undigulire mbewu ya mpiru, wa masamba aakulu uja, kuno kulibe. Ndi nyemba zofiira za kwathu. Usatenge za m'sitolo, utenge kwa amayi a pansi."

A Yusuf anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana denga.

Pobwerera tinafika pa mpopi. Pamenepo Ababa anaima, kutulutsa chitini, kundipatsa foni. Akuti ichi sichingatheke ndi belu, chikufuna zilembo. Ndiwalembere Mai Noria, ndiwafunse ngati ku kantini angafune chimanga chachiwisi pa Khirisimasi. Ngati akufuna, iwo ndi a Januário abzala sabata ino, kumunsi kuja kumene madzi sauma.

Khirisimasi. Anena okha.

Ndinayamba kulemba. Iwo kusuzumira pa phewa langa. "Nyererezo zikuti bwanji?" Ndinati tikapeza magalasi mudzaziwerenga nokha, Ababa, si zovuta, mudzangoyesa kamodzi. Anati tiona, koma ayambe apeza mbewu.

Jekete lija ndilichotse pansi pa matiresi asanagone, angadabwe ndi chotukumuka pamsana.